Za Nthenda Yotsata Pfuko, ndi Mangawa a Iye Amene Adziwa

Pakati pa Acewa liu lakuti bere liri ndi matanthauzo awiri. Loyamba alidziwa ndi mwana yemwe. Laciwiri ndi la pa bwalo: akulu pofuna kulongosola cibale amanena kuti uje ndi uje ali a bere limodzi, ndiko kuti anacokera kwa mai mmodzi, ndipo pokangana za ufumu kapena za munda amasiyanitsa bere lalikulu ndi bere laling'ono. Makolo anamanga cibale conse pa ciwalo cimene ciyamwitsa. Tsono m'mabanja ena muli cinthu cowawa: ciwalo comweco cimene cichula pfuko ndico cimene nthenda igwira, ndipo icigwira mbadwo ndi mbadwo. Gogo anamwalira ndi cironda ca pa bere. Mwana wace wamkazi momwemonso. Ndipo tsopano mdzukulu, mkazi wa zaka 38, posamba wapeza kanthu kolimba pansi pa khungu. Iye ali ndi ang'ono ace awiri, mlongo mmodzi, ndi ana akazi atatu. Funso limene liima pakhomo pace ndi ili: kodi munthu amene wazindikira kuti nthenda iyenda m'pfuko lace ali ndi mangawa a kuuza abale ace, cinkana mau acewo adzabala mantha ndi manyazi, kapenanso kuononga maukwati a ana?

Munthu asanayankhe ayenera ayambe wamvetsa cimene ciyenda m'pfukomo, pakuti mlandu woweruzidwa ndi anthu osaumvetsa upweteka mbali zonse ziwiri. Nthendayi madotolo aicha khansa ya m'mabere. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'caka ca 2022 akazi okwana 2,300,000 anapezeka nayo pa dziko lonse, ndipo 670,000 anafa nayo. M'Zambia iri yaciwiri pakati pa khansa za akazi. Yoiposa ndiyo ya khomo la cibaliro, imene ibwera ndi kacirombo kopatsirana kochedwa HPV, ndipo imeneyo si ya cibadwa. Ngakhale ya m'mabereyo kawirikawiri siitsata pfuko. Monga anawerengera ku maiko a Azungu, mwa akazi 100 odwala nthendayi, 5 kufikira 10 okha ndiwo anabadwa ndi cifukwa cace m'thupi. Cotero mkazi amene azakhali ace amodzi anadwala atakalamba asadziyese wogwidwa kale. Mabanja amene anenedwa pano ali ndi zizindikiro zao: nthenda igwira akazi angapo a mbali imodzi, iwagwira asanafike zaka 50, ndipo nthawi zina mabere onse awiri, wina afa ndi khansa ya timatumba ta mazira m'mimba, pena igwira ngakhale bere la mwamuna.

Mmodzi wa oyamba kulemba za banja lotere anali Paul Broca, dotolo wa ku France. M'caka ca 1866 anafalitsa mndandanda wa pfuko la mkazi wace, ndipo pa mibadwo inai akazi 10 mwa 24 anafa ndi khansa ya bere. Broca anaona kuti si tsoka logwa mwangozi, koma analibe njira yoonetsera gwero lace. Panapita zaka zoposa 120. Mary-Claire King, mkazi wophunzira wa ku California, anayamba kulifuna gwerolo m'caka ca 1974, pamene anzace ambiri anamuyesa wotaya nthawi, ndipo m'caka ca 1990 anaonetsa dera limene linabisala. Ena a ku Utah anatsiriza kulipeza m'caka ca 1994, ndipo laciwiri linapezeka ku London m'caka ca 1995. Maina ao ndiwo BRCA1 ndi BRCA2.

Kacitidwe kace nkotere. Thupi la munthu limangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tochedwa maselo, ndipo m'selo liri lonse muli malangizo a kamangidwe ka thupi lonse. Zigawo za malangizowo azicha majini. Liu ili lisasokoneze wowerenga: silikhudzana konse ndi majini a mizimu amene anthu anena kuti agwira munthu, mau awiriwa angofanana m'kamwa. Nchito ya BRCA1 ndi BRCA2 ndiyo kukonza. Maselo pogawikana, malangizo aja aduka pena ndi pena, ndipo majini amenewa alumikiza podukapo. Tsono munthu ali ndi jini liri lonse pawiri, lina locokera kwa atate ndi lina kwa amai, monga dimba lokhala ndi amuna awiri osunga mpanda wace. Munthu wamba abadwa ndi onse awiri amphamvu. Wina akafoka, mnzace atseka pobooka. Koma wa m'banja lija abadwa ndi mmodzi wopunduka m'selo liri lonse, ndipo mpanda wonse utsamira pa wotsalayo. Zaka zipita osaoneka kanthu. Tsiku lina, m'selo limodzi la m'bere, wotsalayo aonongeka nayenso. Pobooka sipatsekedwanso, selo lija liyamba kuswana kosaleka, ndipo ndico cotupa.

Mwa akazi 100 a ku America, ngati 13 adzadwala khansa ya bere m'moyo wao. Mwa akazi 100 obadwa ndi jini lopunduka, odwala afika pakati pa 45 ndi 72. Ndipo mwa iwo a BRCA1, ngati 40 adzadwala ya timatumba ta mazira, imene mwa akazi wamba igwira mmodzi kapena awiri. Ziwerengero zimenezi nzolemera, koma sizinena kuti onse. Alipo akazi obadwa nalo amene akalamba, naona zidzukulu, nafa ndi nthenda yina. Ndiponso si mwana ali yense wa kholo lotere alandira. Pa mimba iri yonse pacitika monga maere a mbali ziwiri: mwana alandira jini lopundukalo kapena lamphamvu lija, ndipo maere a mwana woyamba sakhudza a waciwiri. Mai wa ana asanu akhoza kupatsa onse, kapena osapatsa ndi mmodzi yemwe. Iye amene sanalandire sakhoza kupatsa ana ace. Pa iye mzere waduka. Anthu amanena za khalidwe kuti ncoyamwira, koma nthenda iyi siiyenda mu mkaka. Ilowa pa tsiku la kutenga pakati, ndipo kuyamwitsa, m'malo mwa kuipitsa, kumacepetsa pang'ono ngozi ya maiyo.

Poyamba anthu anayesa kuti ici ncinthu ca Azungu, cifukwa kumeneko ndiko anayamba kupima. Pakati pa Ayuda ocokera ku Ulaya wa kum'mawa munthu mmodzi mwa 40 ali nalo jini lotere, ndipo pakati pa Mabunu a ku South Africa mapundukidwe owerengeka ocokera kwa makolo akale afalikira m'mabanja ambiri. Koma m'caka ca 2018 dotolo Olufunmilayo Olopade ndi anzace anafalitsa zimene anapeza popima akazi 1,136 odwala khansa ya bere ku Ibadan, m'Nigeria: pafupifupi mmodzi mwa 7 anabadwa ndi jini lopunduka la mtundu wina kapena wina, ambiri mwa iwo BRCA1 kapena BRCA2. Ciwerengero cimeneci ciposa ca ku Ulaya.

Imfa zikatsatizana m'bere limodzi, mudzi sufunsa za maselo. Ufunsa kuti ndani. M. G. Marwick, amene anakhala pakati pa Acewa a boma la Fort Jameson, ndilo Chipata, pakati pa 1946 ndi 1953, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa abale a mbumba imodzi. Pa nthenda iyi a m'mudzi anaona cinthu coona, cakuti imfa iyenda ndi mwazi. Analakwa pofuna munthu wa njiru kumbuyo kwace. Ndipo taonani amene cala cimgwera. Mwa akazi anai a mimba imodzi, atatu afa asanacite imvi, natsala mmodzi wolimba wosadwala konse. Anthu anong'onezana kuti watsala bwanji yekha, ngati sanadye anzace? Koma iye anatsala cifukwa maere aja anampitirira. Waika m'manda abale ace atatu, walera ana ao amasiye, ndipo malipiro ace ndiwo kuthamangitsidwa pamudzi.

Akristu ambiri amene aleka kuombeza asunga ganizo lomwelo m'cobvala cina. Iwo sanena ufiti, anena temberero: kholo lina linacimwa, ndipo ana alikulipira. Ophunzira a Yesu anali nalo ganizo lomweli pamene anaona munthu wosaona cibadwire, monga anena Yohane m'mutu 9; anafuna kudziwa ngati wolakwa ndi mwini wace kapena akumbala, ndipo Ambuye anakana mbali zonse ziwiri. Ezekieli m'mutu 18 atsutsanso kusenzetsa mwana mlandu wa atate wace. Pali kusiyana pakati pa gwero la cinthu ndi kupalamula. Mtsinje ndiwo gwero la madzi amene amiza munda, koma mtsinje suitanidwa ku bwalo. Kupalamula kufuna kudziwa ndi kufuna, ndipo palibe mai anasankhapo theka la thupi lace limene adzapatsa mwana. Mau awa ayenera kufika makamaka kwa maiyo, pakuti wotsutsa wace woopsa sakhala pa bwalo. Akhala mumtima mwace usiku, pamene alikusamala mwana wace wodwala namati, ndakupha ndine.

Cotero m'kupatsa mulibe mlandu. Cotsala ndi kufunsa ngati mulibe mlandu m'kukhala cete, ndipo apa mpobvuta, pakuti iye wokhala cete ali nazo zifukwa zimene munthu wanzeru sangazipeputse.

Coyamba, thupi ndi lace. Za bere sizinenedwa pamaso pa amuna, makamaka pamaso pa mlongo kapena apongozi. Ndipo dotolo yemwe womangidwa ndi lamulo la kusunga cinsinsi sakhoza kuzitulutsa popanda iye kulola. Zaka za HIV zinaphunzitsa dziko lino cimene mphekesera icita kwa wodwala. Caciwiri, aganizira ana ace. Mbiri ikatuluka kuti akazi a banja lakuti afa ndi bere, anyamata adzalambalala khomo lace, ndipo mwamuna wa mng'ono wace akhoza kuyamba kuyang'ana kwina. Mantha awa si acabe, zotere zicitika. Cacitatu ndico colemera koposa: kodi kuuza kudzathandiza ciani? M'caka ca 2013 Angelina Jolie, wosewera m'mafilimu ku America, amene amace anafa ndi khansa ya timatumba ta mazira ali ndi zaka 56, analengeza kuti anapimitsa mwazi, napezeka ndi BRCA1 wopunduka, nalola madotolo kucotsa mabere ace onse awiri asanadwale. M'caka ca 2015 anacotsetsanso timatumba tija. Opaleshoni yotere icepetsa ngozi ya khansa ya bere ndi magawo 90 mwa 100 kapena kuposa. Koma iye anali ndi cuma. Pa nthawiyo kupima kokhako kunadya madola oposa 3,000, cifukwa kampani imodzi inali ndi cikalata ca umwini pa majini awiriwo, kufikira bwalo lalikulu la America linagamula m'mwezi wa June caka comweco kuti cimene munthu abadwa naco sicingakhale ca kampani. Mtengo unatsika pambuyo pace. Koma mkazi wa ku Chadiza kapena ku Lundazi, amene cipatala ca khansa, Cancer Diseases Hospital cotsegulidwa m'Lusaka m'caka ca 2007, ciri pa mtunda wa makilomita oposa 500 kucokera kwao, afunsa mwacilungamo: ndiuze mng'ono wanga kuti atani? Ndimsenzetse mantha a zaka 20 popanda mankhwala m'dzanja langa?

Cifukwa coyamba ciri coona, koma sicifika patali monga cioneka. Cironda ndi cace yekha, inde. Koma mbiri ya jini si yace yekha, pakuti mng'ono wace ali yense, mlongo wace, ndi mwana wace ali yense ali pa maere omwe aja. Munthu akapeza njoka m'nyumba yace akhoza kusauza munthu. Akaipeza m'nkhokwe imene abale ace onse apisamo dzanja, nkhani yasintha, cinkana woyamba kulumidwa anali iye. Mabwalo a maiko akutali anafika pa mfundo yomweyi. Ku Florida m'caka ca 1995 bwalo linagamula kuti dotolo wociza nthenda ya cibadwa ayenera kucenjeza wodwalayo kuti ana ace ali pa ngozi. Ku France lamulo la m'caka ca 2011 linapita patsogolo: linaika udindo pa wodwala mwini wace, kuti nthenda ikakhala yoopsa ndipo pali njira yoipewa kapena kuiciza, auze abale ace; ndipo akalephera kutero ndi pakamwa pace, alole dotolo awalembere kalata yosachula dzina lace. Opanga lamuloli anazindikira kuti alipo mau amene munthu sakhoza kunena yekha. Makolo a kuno anazindikira ici kale, ndico cifukwa cace anaika ankhoswe. Mkazi amene manyazi amletsa kuuza mlongo wace akhoza kutuma amai aakulu kapena mlamu wamkazi. Cimene sicimasulidwa ndico kufika kwa mauwo.

Ezekieli yemweyo amene anacotsa mlandu wa kholo pa mwana, m'mutu 33 aika mlandu pa mlonda woona ngozi nakhala osaomba lipenga. Ziphunzitso ziwirizi sizitsutsana. Cimodzi cinena za cimene munthu sanasankhe, cinzace za cimene asankha. Koma mlonda aombera iwo a m'linga, amene lupanga liwadzera. Mangawa a wodziwa afika kwa iwo amene ali pa ngozi, ndipo pamenepo alekeza. Sali ndi mangawa kwa akazi a pa citsime, kapena kwa msonkhano wa Cigwirizano, kapena kwa mpingo wonse pa nthawi ya zopempherera. Kuuza ndi kulengeza ziri zinthu ziwiri, ndipo zoipa zambiri zimene aziopa pa cifukwa caciwiri cija zituluka m'kulengeza.

Cifukwa cacitatu ciyenera yankho la ziwerengero. M'caka ca 2020 anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anatsata akazi odwala khansa ya bere m'maiko asanu a m'Afrika, Zambia pamodzi. Patapita zaka zitatu atapezeka ndi nthenda, mwa akazi 100 a Cizungu a ku Namibia 90 anali ndi moyo. Mwa akazi 100 a m'Zambia, 47. Gawo lalikulu la kusiyana kumeneku linacokera m'kucedwa kufika ku cipatala ndi m'kusatsiriza mankhwala. Khansa ya bere poyamba kawirikawiri siipweteka, ndipo cosapweteka munthu wa kumudzi saciyesa nthenda. Alima naco, akolola naco, amanga mizu, adikira agulitse cimanga. Pofika kwa dotolo cotupa cafika m'khwapa, kapena caphulika. Tsono mkazi wocenjezedwa asiyana ndi wosacenjezedwa pa cinthu cimodzi, ndico nthawi. Iye adziwa mabere ace, apempha namwino amuone caka ndi caka, ndipo akapeza cotupa colimba, kapena nsonga ya bere italowa m'kati, kapena madzi a mwazi akutuluka, kapena khungu litacita timaenje, sayembekeza kukolola. Ici sicifuna makina a ku America. Si zotupa zonse ziri khansa. Zambiri nzosaopsa, ndipo wopita msanga kawirikawiri abwerera ndi mtendere. Mwambi wa akale uti wakutsina khutu ndi mnansi.

Ngakhale pamene kuuza sikupulumutsa wouzayo kapena womva woyamba, kukhoza kupulumutsa a m'tsogolo. M'caka ca 1895, ku Michigan, mkazi wosoka zobvala dzina lace Pauline Gross anauza dotolo Aldred Warthin kuti adziwa adzafa ndi khansa, cifukwa ndiyo inatha abale ace, ya m'mimba, ya m'matumbo, ndi ya cibaliro. Sanangodandaula, anamthandiza kulemba maina a akufa onse. Warthin anafalitsa mndandandawo m'caka ca 1913. Pauline anafadi ndi khansa monga ananena, ndipo pa masiku ace panalibe comcitira. Koma banja linasunga mndandanda uja, madotolo ena anauonjezera, ndipo patapita zaka zoposa 100 jini la banjalo linapezeka. Zidzukulu zace tsopano zikhoza kupimidwa: amene sanalandire amasuka, ndipo amene analandira ayang'anidwa m'matumbo kawirikawiri, nacotsedwa timinofu tisanasanduke khansa. Mbadwo umene ubisa usiyira wotsatira nchito ya kuyambanso kuwerenga manda.

Wina anganene kuti munthu ali nao ufulu wa kusadziwa, ndipo ncoona. Alipo amene afuna kukhala masiku ao osayang'ana kumbuyo. Koma munthu akana cimene wapatsidwa. Mng'ono amene sanauzidwe kanthu sanasankhe kusadziwa, wina anamsankhira. Njira yolemekeza onse awiri ndiyo kugogoda: Pali nkhani ya thanzi la kwathu imene dotolo wandiuza, ndipo ikukhudzani, mukafuna kuimva, ndidzanena. Akati iai, mangawa alipidwa, ndipo khomo likhale lotseguka. Ana ang'ono asasenzetsedwe. Madotolo omwe sapima mwana za jini ili asanafike zaka 18, popeza nthendayi siigwira ana, ndipo kuyang'anira mabere kwa obadwa nalo kuyamba pa zaka 25.

Pofika pa kufunsa kuti abale ndani, mwambo wa pfuko ukhoza kusokeretsa munthu wa mtima wabwino. Acewa ndi Ansenga awerenga cibale kudzera kwa mai. Angoni a kwa Mpezeni kudzera kwa atate. Jini silidziwa mwambo uli wonse wa iyi. Mwamuna alilandira monga mkazi, ndipo alipatsa ana ace pa maere omwe aja. Ciopsezo ciri pa mwini mbumba amene anaika amace ndi alongo ace awiri ndi nthenda imodzi. Iye adera nkhawa ana a alongo acewo, pakuti ndiwo mbumba yace, ndipo acita bwino. Koma za ana ace akazi a iye mwini aganiza kuti ali a bere lina, a kwa mkazi wace, kumene kulibe nthenda. Ndipo motero aiwala iwo amene anatenga theka la thupi lao kwa iye. Mtsikana akafunsidwa ku cipatala ngati kwao kuli khansa, ayankha moona mtima kuti iai, cifukwa kwao, m'kuwerenga kwace, ndi kwa amace. Azakhali ace awiri amene anafa samawerenga. Mngoni alakwa mwa njira yinayo, poyesa a kucikazi ngati alendo. M'banja lotere nthenda ioneka ngati yadumpha mbadwo, koma inangodutsa mwa mwamuna. Ndipo mwamunayo sali pa mtendere wonse: obadwa ndi BRCA2 wopunduka adwala khansa ya prostate, ciwalo ca pansi pa cikhodzodzo, kawirikawiri koposa anzao, ndipo ngati 6 mwa 100 adwala ya bere.

Za ukwati ndizo zobvuta kuposa zonse, ndipo munthu woona mtima sadzaziyesa zapafupi. Mtsikana amene amace ndi ambuye ace anafa ndi bere, kodi auze mnyamata womfunsira? Ukwati womangidwa pa cinthu cobisika dala uli ndi ciswe m'mizati, ndipo tsiku limene cidzaululika mkaziyo adzakhala ali pa mphasa, wosakhoza kudzinenera. Cotero kuyenera kunena, pamaso pa mnyamatayo ndi ankhoswe okha, ndi kunena cimene cidziwika popanda kuonjeza: kuti amai anafa ndi nthenda yakuti, ali ndi zaka zakuti. Iye asadziweruze kuti ali nayo, pakuti mwina maere anampitirira. Mnyamata wobwerera pa cifukwa ici palibe bwalo limene lidzamgwira. Koma adzifunse ngati adziwa zimene ziyenda m'mwazi wace wa iye mwini. Anthu ambiri m'Zambia anyamula jini la nthenda ya sickle cell osadziwa kufikira abala mwana wodwala. M'mabanja ena muyenda shuga, m'ena kuthamanga kwa mwazi. Banja la mtsikanayo lisiyana ndi lace pa ici cokha, kuti lawerenga akufa ace. Komabe pamudzi pamene mau onenedwa kwa ankhoswe m'mawa amveka pa citsime madzulo, mtsikana wozengereza sayenera kudzudzulidwa msanga. Mbali yaikulu ya mlandu wa kubisa kwace iri pa iwo amene apanga kunena zoona kukhala kwa mtengo wotere, ndipo ena a iwo akhala pa mipando ya kutsogolo m'chalichi.

Nchito yoyamba ya banja lotere siifuna ndalama zoposa mtengo wa kope la sukulu. Tsamba limodzi likhale la a kucikazi, lina la a kucimuna, kufikira kwa ambuye ndi abale ao. Ndipo pa dzina liri lonse palembedwe nthenda, ciwalo cimene inagwira, ndi zaka zimene munthuyo anali nazo pamene inayamba. Kope limeneli lipite nao ali yense wa m'banjamo pokaonana ndi dotolo. Kudzaza masambawo kudzabvuta, cifukwa pa maliro akale anthu anangomva kuti anadwala nthawi yaitali, kapena kuti anatupa mimba, ndipo amuna a m'banja kawirikawiri sanauzidwe zoposa apa. Amene adziwa ndiwo amai acikulire amene anasambitsa mitembo. Iwo anaona bere liti linali ndi cironda, ndi mkono uti unatupa, ndipo sananene kwa munthu cifukwa palibe anawafunsa. Ofunsa apite kwa iwo mwaulemu, akazi okhaokha, akali ndi moyo ndi cikumbukiro.